Mmene ndinaphera malume ndi pakamwa

Ku Ndirande kulibe munthu amene sadziwa suti yakuda ya malume anga. Amene anaiwala zimenezi ndine ndekha, ndipo n'chifukwa chake mpaka lero anyamata a kabaza pa siteji amandiitana kuti mtolankhani wa kumanda.

Ndimaphunzira utolankhani pa Poly. Ndikudziwa kuti chiyambire 2021 dzina lake ndi MUBAS, koma tayesani kuuza kondakitala kuti mutsika pa MUBAS, mukadzidzimukira ku Limbe. Kwathu ndi ku Thyolo, kuseri kwa minda ya tiyi, koma kuno ndimakhala kwa malume, achimwene awo a mayi anga. Maloto anga akhala amodzi kuyambira ndili Fomu 2: kuoneka pa TV madzulo, tayi pakhosi, dziko lonse lili chete kumvetsera ine. Pa Facebook dzina langa ndinalidula pakati kuti lizimveka ngati la ku London, ndipo pansi pake ndinalemba kuti ndine wofalitsa nkhani, wojambula zithunzi, wolemba ndakatulo komanso mlangizi wa achinyamata. Kamera ndilibe. Wachinyamata amene ndinamulangizapo ndi mmodzi, ndipo sanamvere.

Malume anapuma pa ntchito ku kampani ina ya ku Makata, koma ntchito yawo yeniyeni ndi maliro. Kukagwa zovuta m'dera lathu, ndiwo amayendetsa mwambo. Amagwira kope, amalengeza chipepeso, amauza adzukulu nthawi yonyamula bokosi, ndipo amadziwa kudula mkulu wa mpingo amene watalikitsa mawu popanda kumunyazitsa. Suti yawoyo imakhala m'pulasitiki kuseri kwa chitseko, kununkha mankhwala a njenjete, ndipo imatuluka pokhapokha munthu akamwalira. Ku ukwati amavala jekete ina ya khofi yong'ambika m'khwapa.

Ndiye mwezi wa June wailesi ina mumzinda muno inandiitana ku intavyu ya atachimenti. Ndinathamangira ku kaunjika ku Limbe kukafuna suti. Wogulitsa atatchula mtengo ndinayang'ana kumbuyo, kuyesa akulankhula ndi munthu wina. Anati ndisamudandaule iye, ndikadandaule kwacha imene inatsika ndi 44 peresenti mu November 2023. Ndalama zanga zinakwanira tayi yekha.

Usiku ndinagwada pamaso pa malume.

"Mphwanga," anatero, "suti imeneyo siyendera za amoyo."

Anti ndi amene anandipulumutsa. Anati mwanayu akapeza ntchito tidzapuma kugula sopo. Malume anavomera monyinyirika, ndi malamulo atatu: osadyeramo, osakhala pafupi ndi munthu wonyamula usipa, ndiponso osakhudza kope la m'thumba la mkati. Iwo ndi anti ankadzuka m'bandakucha kupita ku Chikwawa kukagula mbuzi ya chinkhoswe cha msuweni wanga. Magetsi anali atathima kuyambira madzulo, foni ya malume inafa, ndipo anaisiya pa windo.

Ine ndinachezera pa kandulo kuloweza. Mzinda wa Blantyre unayamba ndi amishoni mu 1876, dzina ndi la kwawo kwa David Livingstone ku Scotland. Nyuzipepala imene lero ndi Times inayamba mu 1895. MBC 1964. TV ya boma 1999. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza uthenga ku maofesi linayamba kugwira ntchito mu September 2020. Ndinaimanso pa galasi kuphunzira nkhope ya owerenga nkhani, ija yosaseka, yooneka ngati munthu wasenza mavuto a dziko lonse. Kutacha maso anali psuu ndi utsi wa kandulo, nkhope ili ndwii, suti yakuda pathupi, chiperoni chili mbuu panja. Ndinakhoma chitseko n'kuuyamba.

Pa kona pamakhala mayi wina wa Mvano amene amagulitsa mandasi. Anandiyang'ana kuchokera pa kolala mpaka ku nsapato, n'kuika foloko pansi.

"Mwanawe, suti imeneyi si ya malume ako?"

"Ndi yomweyo, mayi."

"Nanga eni ake?"

M'mutu mwanga munali 1895. "Atisiya m'bandakucha."

"Mayo ine! Anadwala?"

"Ayi mayi, dzulo tadya nawo nsima bwinobwino. Ngakhale ine sananditsanzike."

"Anti ako ali kuti?"

"Ali nawo komweko."

"Nanga iwe ukuthamangira kuti?"

"Ku wailesi, mayi. Ndachedwa."

Tsopano inu amene muli ndi nzeru mwaona kale pamene ndinaponda. Kwathu munthu akamwalira, amene amalowa m'malo mwa malume ndi mwana wa mlongo wake. Mwana wa mlongo uja ndi uyu, wavala suti ya maliro, maso ofiira, akuthamangira ku wailesi kumene anthu amakapereka mauthenga achisoni. Ine sindinaone chilichonse. Ndinangodabwa kuti mayi aja andipatsa mandasi awiri aulere, ndipo ndinawakana mwaulemu chifukwa cha lamulo loyamba lija. Iwo anati, "Inde, chakudya sichingalowe."

Mu minibasi bambo wina anandisiyira mpando wakutsogolo. Kondakitala, mnyamata amene tsiku lina anandisunga mpaka ku Ginnery Corner chifukwa cha K50, anakankha dzanja langa n'kunena kuti, "Sungani achimwene, limbani mtima." Ndinati mumtima, taonani mphamvu ya suti. Ndinalumbira kuti ndikadzalemera ndidzagula zitatu.

Pa intavyu panali anthu atatu: bambo wa imvi pakati, mayi wa magalasi, ndi mnyamata wina amene ankangolemba. Ndinawapatsa moni m'Chingerezi chotulukira m'mphuno chimene ndinachiphika usiku wonse. Bambo aja anandiyankha m'Chichewa cha kumudzi kwenikweni, kundifunsa kwathu, mfumu yathu, ndiponso ngati dzina lodulidwa lija ndi limene mayi anga amandiitanira pa nthawi ya nsima. Za 1876 palibe anafunsa. Foni yanga inayamba kunjenjemera m'thumba la thalauza. Ndinaipanikiza ndi chigongono.

"CV yanu ili kuti, achimwene?" anafunsa mayi aja.

CV ndinaipinda n'kuiika m'thumba la mkati. Nditapisa dzanja, chinatuluka ndi kope la malume, n'kugwera pa tebulo chotsegula. Bambo wa imvi analikokera kwa iwo.

"A mpingo, K10,000. Anzake a bawo, K3,500. Apongozi a ku Chilomoni, ufa ndowa imodzi ndi nkhuku." Anandiyang'ana pamwamba pa kope. "Imeneyi ndiye CV?"

Ndinafuna pansi patang'ambika. Koma iwo anandibwezera kope lija n'kunena kuti popeza ndabwera nazo ndekha, ndiimirire ndiwerenge ngati ndili pa wailesi.

Apa ndiye panachitika chodabwitsa. Chingerezi cha m'mphuno chija chinathawa, m'malo mwake munalowa malume. Kuyambira ndili mwana ndakhala ndikuwamva, ndipo sindinkadziwa kuti ndinawameza onse. Mawu anatsika okha. Ndinapuma pamene iwo amapuma, pambuyo pa dzina, ndalama isanatchulidwe, kuti anthu atchere khutu. Ndinakweza pang'ono pa ndalama zambiri, n'kudutsa mwachifundo pa ndalama zochepa. Nditafika pa nkhuku ndinaitchula mwaulemu ngati ndi ng'ombe. Mnyamata wolemba uja anasiya kulemba. Mayi wa magalasi anati, "Mawu alipo."

Mtima unakhala m'malo, ndipo mtima ukakhala m'malo ine pakamwa sipatsekeka. Atandifunsa za nkhani zabodza za pa WhatsApp, ndinalalikira. Ndinati vuto la Amalawi n'loti timamva chinthu kwa munthu mmodzi n'kuthamanga nacho. Ndinati mtolankhani weniweni amatsimikiza nkhani kwa anthu awiri kapena atatu asanatsegule pakamwa. Ndinatchulanso lamulo la 2016 la za pa intaneti, ndi chala m'mwamba. Nthawi yonseyi foni inali ikunjenjemera moti mpando unkalira.

"Yankhani foniyo," anatero bambo aja, "isanakuboolereni thalauza."

Mafoni 37 osayankhidwa. Amene ankaimba pa nthawiyo anali mayi anga. Sindinafunikire kukweza mawu a foni, chipinda chonse chinamva.

"Achimwene anga ine! Mwana woipa iwe, malume ako amwalira ine ndizimva kwa anthu?"

Ndikufuna mundimvetse bwino apa, chifukwa ndi pamene anzanga amaseka mpaka kugwa. Ine ndinakhulupirira. Nthawi yomweyo ndinaona minibasi itagubuduzika pa zitunda zotsikira ku Thabwa, malume, anti ndi mbuzi. Munthu amene mphindi ziwiri zapitazo ankaphunzitsa za kutsimikiza nkhani sanafunse ngakhale funso limodzi. Ndinalira chokweza, mamina ndikupukutira mkono wa suti. Mayi wa magalasi anandipatsa madzi. Bambo wa imvi anapisa m'thumba n'kundipatsa ya thiransipoti, ndipo anati ndisiye dzina la malemu ndi mudzi wawo, uthenga aulutsa madzulo kwaulere. Ndinalemba. Ndi dzanja langa ndinalemba.

Ndinakwera kabaza, matope akuthovukira thalauza. Pofika m'kanjira ka kwathu ndinapeza masamba atayalidwa pamsewu. Mipando ya ku tchalitchi inali itafika kale. Azibambo anakhala mbali yawo atakoleza moto, azimayi pakhonde akuimba, chifukwa chitseko chinali chokhoma ndipo kiyi anali ndi ine. Ena anali atapita kale ku mochale ku Queens kukafunsa, n'kubwerako ndi yankho loti dzinalo kulibe, zimene anthu anamasulira kuti thupi likadali m'njira. Mnyamata wina wa kwaya ankalemba chipepeso pa pepala long'amba m'kope la sukulu.

Azimayi atandiona kulira kunakwera. Ndinakhala pansi pafupi ndi nduna ya amfumu, n'kufunsa ndi mawu onjenjemera kuti ngoziyo yachitikira pati.

"Ngozi yanji?"

"Nanga amwalira bwanji?"

"Ife tikudikira iwe kuti utiuze."

"Uthengawu wabwera ndi ndani?"

Nduna inaloza mayi wa mandasi. Mayi wa mandasi, misozi ili mbwee, analoza ine. "Si iwe mwanawe unati atisiya m'bandakucha?"

Thukuta linatuluka pakati pa chiperoni. Ndinabwereza m'mutu mawu onse a m'mawa uja limodzilimodzi, ndipo lililonse linali loona, komanso lililonse linali bokosi. Ndinayang'ana khamu lija, anthu oposa 100, ena atajomba ku ntchito, ena atachokera ku Bangwe ndi ku Chirimba pa ndalama zawo. Kusukulu anatiphunzitsa kulemba nkhani yopepesa nyuzipepala ikalakwitsa, koma palibe anatiphunzitsa mmene umaimirira pa siwa n'kunena kuti pepani, malemu apita kukagula mbuzi.

Ndili mkati mofuna mawu, kumsewu kunamveka "meee."

Malume anaima pa masamba paja, chingwe cha mbuzi m'dzanja, anti kumbuyo atasenza thumba la makala. Anavula chipewa monga mwa mwambo. Kenako nkhope inasintha, ndipo anakuwa ndi mawu awo a pamaliro aja.

"Zovuta m'dera langa lino, ine osauzidwa? Akuyendetsa mwambo ndani?"

Sindinaonepo anthu a Mulungu akuthamanga chonchija. Nyimbo inadukira pakati pa liwu. Bambo wina wonenepa amene amayenda ndi ndodo analumpha mpanda wa nsungwi, ndodo n'kuisiya. Mayi wa mandasi anakomoka mwadongosolo, atayamba wayala chitenje. Anatsala ndi mkulu wa mpingo mmodzi amene ankapemphera chotsinzina, ndipo anapitiriza kupereka mzimu wa malume m'manja mwa Ambuye mpaka malumewo anamugwira paphewa n'kuyankha kuti ameni.

Zitadziwika, malume sanandikalipire nthawi yomweyo. Anayamba ayang'ana suti: matope mpaka m'mawondo, mkono wonyezimira ndi mamina. Kenako anaitanitsa pepala la chipepeso lija, n'kuvala magalasi, n'kukhala pa mpando wa ku tchalitchi pakati pa bwalo. Anawerenga mwakachetechete, chala chikutsika mzere ndi mzere. Pena ankagwedeza mutu mokhutira. Kenako chala chinaima.

"K500? Munthu amene ndinamuyendetsera maliro atatu, mvula ikugwa? K500?"

Mpaka lero salankhulana.

Ine ndinazembera kuseri kwa bafa kukaimba ku wailesi kuja. Anayankha ndi bambo wa imvi. Ndinati chonde uthenga uja usaulutsidwe, malemu abwera. Anafunsa kuti thupi lafika? Ndinati lafika, koma likuyenda lokha, ndipo lili ndi mbuzi. Kunali zii kwa kanthawi, kenako ndinamva akuitana anzawo aja kuti ndibwereze.

Mayi anga anafika madzulo kuchokera ku Thyolo ndi azibale 6 ndi thumba la ufa. Anakumbatira achimwene awo, n'kutembenukira kwa ine ndi chikuni. Ndalama za chipepeso ndinazibweza ndekha khomo ndi khomo kwa masiku atatu, ndipo pakhomo lililonse ankandiuza kuti ndifotokoze kaye. Kondakitala uja anandipeza pa siteji n'kundilipiritsa ulendo wa tsiku lija.

Atachimenti anandipatsa. Pa TV sindinafikebe, ndipo dzina lodula lija analikana, akuti omvera akumudzi angayese ndi mankhwala a chifuwa. Ntchito yanga ndi kuwerenga mauthenga achisoni. Malume saphonya ngakhale tsiku limodzi. Amakhala pafupi ndi wailesi, kope pamwendo, ndipo anti akuti nthawi iliyonse ndikati "tikudziwitsa abale onse," amawaona akugwira mpando mpaka nditatchula dzina la munthu wina.