Kanyali kanga kayaka kokha

Abale anga a kuno ku Joni, dzulo ndagona 1 koloko koma mtima uli mbee. Kanyali kamene ndakhala ndikupanga kayamba kuyaka kokha kukada!

Mwezi watha ndinagula Arduino Uno (kakompyuta kakang'ono komwe umakauza zochita), breadboard (kabolodi kobayapo tizipangizo) ndi timawaya, nditatopa ndi kupapasa machesi magetsi akathima kuno ku Rosettenville. Ine zamagetsi sindinaphunzireko, ntchito yanga ndi ya m'garden. Tsiku loyamba ndinalumikiza LED (kababu kakang'ono) ku 5 volts popanda resistor. Inangothwanima kamodzi, kenako zii, kafungo kopserera. Kani resistor, kanthu kamizeremizere kaja ka 220 ohms, ndi kamene kamachepetsa magetsi kuti LED isapse. Yachiwiri ndinaizika mozondotsa, maola awiri ndikudandaula kuti andigulitsa zakufa. Mwendo wautali ndi wa positive, waufupi upite ku GND (ku negative), musavutike ngati ine.

Chimene chimaona mdima ndi LDR. Kukawala imalola magetsi ambiri kudutsa, kukada imapanikiza, ndiye Arduino imawerenga kusinthako ngati nambala, 0 mpaka 1023. Iwe umangoiuza nambala yoyatsira.

Koma chinandizunguza mutu ndi kabokosi. Ndinaika zonse m'chigoba cha majarini, LDR pafupi ndi LED. Nyali ikayaka, LDR imayesa kwacha, n'kuzimitsa, kukada, n'kuyatsanso. Phethiphethi usiku wonse ngati disiko, achimwene ogona nawo chipinda mpaka anafunda kumutu. Ndaboola kumbuyo, LDR yayang'ana kuwindo, basi zatheka.

Ndani ali ndi soldering iron (chowotcherera mawaya) cha ku Turffontein? Andibwereke Lamlungu, timawayati tikungosololoka.