Za dzina langa latsopanoli

Popeza mnzathu uja wa pakamwa ngati wailesi wayamba kale kunditchula "Kaedama" pagulu la WhatsApp, lekani ndifotokoze ndekha musanamve zothira mchere.

Inde, zinachitika. Kunali ku Fukuoka, mzinda wa ku Japan, sabata yachiwiri ya maphunziro athu, m'kanyumba kodyera ka mipando khumi pafupi ndi siteshoni ya Hakata. Pakhomo pali makina, umaponya ndalama, kudina batani, katikiti n'kutuluka. Ine ndinadina lomwe linali ndi chithunzi chachikulu, ngati povota.

Chinabwera ndi ramen, ma noodles a mu msuzi, ndipo ya kumeneko amaitcha tonkotsu. Msuzi wake ndi wa mafupa a nkhumba owiritsidwa maola ambirimbiri mpaka kuyera ngati mkaka. Fungo lake ukamalowa umaganiza zobwerera, koma ukangolawa umakhululuka zonse. Mkati muli ma noodles opyapyala ngati ulusi, tizidutswa ta nyama ndi anyezi wamasamba. Timitengo tawo tiwiri tija tinandikana kutalitali. Supuni ndiyo inandilandira ngati m'bale, ndiye ndinayamba ndi msuzi, n'kuumwa wonse mpaka mbale mbee, kenako n'kuyamba kulimbana ndi zotsalazo.

Pambali panga panali madala ena a suti, akukoka ma noodles ndi pakamwa, fyuuu, phokoso loti kwathu amayi akanakulasa ndi mthiko. Kumeneko ndiye kadyedwe kake. Atatsiriza anadzutsa mutu nati, "Kaedama, barikata!" Wophika anayankha mwansangala, "Hai!", yemwe ndi "inde" wawo.

Apa mundimvetse bwino, anthuni. Munthu wamaliza kudya, wanena mawu, wophika wakondwa. Inuyo mukanaganiza chiyani? Ine ndinati ameneyo ndiye "zikomo, ndakhuta" wawo. Zomwe zinawafikira madalawo pambuyo pake sindinazione, maso anga anali pa kaulusi komaliza komwe kamandithawa m'mbale.

Nditakagwira ndinapukuta pakamwa, n'kuwerama pang'ono monga ndinkaonera iwo akuchitira. "Kaedama, barikata."

"Hai!"

Mphindi isanathe, khu! Mulu wina wa ma noodles m'mbale yanga youma ija.

Pano ndikudziwa. Kaedama ndi kuitanitsa ma noodles owonjezera. Opyapyala aja sachedwa kufewa mu msuzi wotentha, ndiye amakupatsa ochepa, ukamaliza uitanitse ena, n'chifukwa chake odziwa amasunga msuzi. Barikata ndiye kuti akhale olimba kwambiri, ongoviika m'madzi owira kwa timasekondi. Mwachidule, ndinaitanitsa nsima yosapsa, ndiwo nditamaliza kale.

Koma nthawi imeneyo mtima wanga unasungunuka. Ndinati taonani anthu aulemu awa, ukangothokoza akupatsa basela! Ndipo mlendo sakana chakudya, tinaleredwa choncho. Ndinayamba kudya. Abale, munaionapo mbuzi ikutafuna chingwe chomwe aimangira? Kutafuna kopanda chimwemwe, maso ali patali, chingwe chikulendewera pakamwa osatha? Ndinali ine. Ma noodles akumatirirana ngati chisa cha mbalame, ukakoka amodzi onse akunyamuka. Malovu anatha. Ndimameza ndi madzi ngati mankhwala a malungo. Kukhosi kumamveka gwi, gwi, ndikukhulupirira kuti ndi odutsa panja omwe amamva. Koma ndinamaliza, chifukwa dzina la Malawi linali pamapewa anga.

Tsono basela wotere osathokoza? Ndinagwira pamtima, n'kukweza mawu kuti amve kuti zachokera pansi: "Kaedama! Barikata!"

Wophika anasuzumira m'mbale yanga. Anandiyang'ana. Anayang'ananso mbaleyo. Ananena kanthu kofanana ndi funso, ine n'kuyankha ndi mawu okhawo omwe ndinali nawo otsala: "Hai." Khu!

Mnzathu uja akuuza anthu kuti ndinaitanitsa kasanu. Bodza lenileni. Kanali katatu, ndipo kachitatuko sikoyenera kuwerengedwa, chifukwa ndinanena nditaimirira, jekete nditavala, ndikutsanzika. Madala aja ndi omwe anandigwira mkono, n'kulemba pa foni yawo, foniyo n'kundimasulira. Anandiphunzitsanso mawu enieni onena ukamaliza kudya, akuti "gochisosama". Mapewa awo amagwedezeka, koma sanaseke mokweza. Munthu wolemekezeka.

Basela uja analinso wolipira. Ndinakhuthula makobili onse a m'thumba.

Funso lomwe palibe akufunsa ndi lakuti, nanga mnzathuyo anali kuti? Anali pampando wakumapeto, munthu woti aka kanali kachiwiri kubwera ku Japan, akudziwa zonse, foni ili m'mwamba kujambula. Ameneyo ndiye wofunika dzina, osati ine.

Ndinabwerera kogona wapansi, pang'onopang'ono, ngati nsato yomeza mbuzi. Mawa lake kadzutsa sindinadye. Msuzi uja koma unali wokoma, zimenezo sindikana. Ndikadangousiyako pang'ono.