Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: Chaka chimene ukatswiri unakwera phiri la Songo

Gawo lapita lija ndinalekezera pamene amalume ananditenga kuti ndiziwathandiza geni ya mbatatesi, kupikula kwa alimi a ku Angónia n'kukagulitsa mumzinda wa Tete. Munali mu 2017. Chaka chimenecho ndinaphunzira kuwerengera matumba ndi kunenerera mitengo pa msika wa Kwachena, koma lero ndikufuna ndikambe za mpira, chifukwa unandisintha pena pake pamene geni sinafike.

Ife ana a m'malire tinakula makutu ali ku Malawi. Makolo anga anakhalako ku Dedza nthawi ya nkhondo, ndipo pobwerera nkhondo itatha mu 1992 anabwera ndi wailesi yawo pamodzi ndi zokonda zawo. Kwathu mkangano wa mpira unali wa Bullets ndi Wanderers basi. Moçambola, ligi yaikulu ya mpira ya dziko lathu la Mozambique, tinkangoimva patali, ngati nkhani ya anthu a ku Maputo. Ndipo sikuti tinkanama: ukatswiri unkangozungulira pa Costa do Sol, Maxaquene, Ferroviário ya ku Maputo, Desportivo, Matchedje ndi Liga Muçulmana. Kunja kwa likulu unatulukako mwa apo ndi apo, ku Textáfrica ya ku Chimoio mu 1976, ku Têxtil do Púnguè mu 1981, ku Ferroviário ya ku Nampula mu 2004. Chigawo cha Tete sichinaulaweko n'kamodzi komwe.

Amalume anali osiyana nafe. Iwo anakhalitsa mumzinda, ndipo mtima wawo unali pa timu ya mumzindamo, Chingale de Tete. Galimoto ikamatsetsereka kuchoka kozizira kwathu kulowera ku Moatize, thukuta litayamba, iwo ankayamba kundiphunzitsa. Chaka chimenecho ligi inali ndi matimu 16, aliyense ankasewera masewero 30, kwawo ndi koyenda. Dziko ndi lalitali, ndiye timu ya ku Lichinga kuti ikasewere ku Chibuto si ulendo wa tsiku limodzi pa msewu. Anandiuzanso kuti chaka chathacho, 2016, Ferroviário ya ku Beira inatenga ligi koyamba, União Desportiva do Songo n'kuthera pachiwiri, koma Songo inapukuta misozi ndi chikho cha Taça de Moçambique.

“Mphwanga, anyamata a kuphiriwa chaka chino asowetsa anthu mtendere,” ankatero. “Koma ine wanga ndi Chingale, ndifa naye.”

Songo ndi katawuni kakang'ono pamwamba pa mapiri, pafupi ndi damu la Cahora Bassa. Timuyi poyamba inkadziwika ndi dzina la HCB, kampani yoyendetsa damulo, imene inabwerera m'manja mwa Mozambique mu 2007. Mphunzitsi wa 2017 anali Chiquinho Conde, mwana wa ku Beira amene anasewerapo ku Portugal m'matimu ngati Sporting ndi Belenenses, yemwenso pambuyo pake anadzaphunzitsa timu ya dziko, a Mambas. Dzina lakelo lokha linkapangitsa akuluakulu kukhala chete akamva likutchulidwa pa wailesi.

Tsiku lina katundu atatha msanga ndinapempha amalume kuti ndikaone Songo ikusewera ndi maso anga. Anandipatsa ya chapa (minibasi), osanena zambiri. Msewu wake ukapatuka pa wa ku Changara umadutsa m'dziko louma la milambe, kenako umayamba kukwera mokhotakhota mpaka makutu kutsekeka. Pamwamba ndinapeza kamphepo kondikumbutsa kwathu. Bwalo ndi laling'ono, anthu amakhala pafupi ndi osewera moti umamva mpira ukulira pa phazi. Ndi pamene ndinamuona Luís Miquissone, wosewera wa Songo, wamfupi, wopepuka, woti akautenga mpira otchinga kumbuyo amayamba kubwerera okha asanawafike. Pambali panga panakhala bambo wina wolankhula Chinyungwe, ine Chichewa, ndipo tinamvana bwinobwino mpaka mpira kutha. Chimene chinandigwira mtima n'chakuti pamene ochemerera ankafuula kuti “Tete! Tete!”, ndinapezeka kuti nanenso ndaimirira. Kufikira tsiku limenelo, mawu oti Tete kwa ine ankatanthauza msika ndi kutentha. Sindinkadziwerengera m'katimo.

Kuyambira pamenepo Lamlungu masana ndinkatsegula Rádio Moçambique. Chipwitikizi changa cha kusukulu chinali chofooka, ndipo ndinganene mosabisa kuti owulutsa mpira anandiphunzitsa chambiri kuposa chimene ndinatola m'kalasi. Anzanga a ku Ulongué ankandiseka kuti ndagulitsa mtundu. Ine ndinkawayankha kuti Bullets sindinaitaye, koma munthu sangakhale m'nyumba moyo wake wonse akusuzumira pa zenera la aneba.

Nyengo itatha, Songo inali pamwamba. Ukatswiri woyamba wa timuyo, woyambanso wa chigawo chathu chonse. Koma chaka chomwecho Chingale inatuluka mu ligi. M'nyumba ya amalume munalowa chimwemwe ndi maliro pa khomo limodzi. Ine ndinkafuna kuvina, koma ndikawayang'ana ndinkadziletsa. Madzulo ake anandiitana pakhonde.

“Sangalala, mphwanga, usandionere chisoni. Chikho chabwera kwathu. Koma udziwe kuti Songo ili ndi damu kumbuyo kwake. Chingale ili ndi ife ogulitsa mbatatesi.”

Mawu amenewo ndimawaganizirabe, chifukwa ndi oona. Mpira wa ligi yaikulu m'dziko muno umadya ndalama zambiri, maulendo okha ndi katundu wolemera, ndipo timu yopanda kampani yoigwira dzanja imavutika ngakhale itakhala ndi ochemerera odzaza bwalo. Zimandiwawa kuti mzinda waukulu ngati Tete unatsala wopanda timu mu ligi pamene chikho chinali m'chigawo chomwecho.

Chaka chotsatira Songo inatetezanso ukatswiri wake, inakumana ndi TP Mazembe ya ku DR Congo m'mpikisano wa mu Africa, ndipo Miquissone anagulidwa ndi Mamelodi Sundowns ya ku South Africa. Koma pofika nthawi imeneyo moyo wanga unali utakhota kale. Amalume anayamba kudwaladwala miyendo, ndipo geni yonse, ndi ngongole zake zomwe, inagwera pa ine ndili mnyamata wosakwatira. Za mmene ndinayendera ulendo woyamba ndekha ndidzakamba m'gawo likudzali.