Masekondi 60 ndi chidole cha pamaphunziro

Lolemba lonse linathera pa foni. Anthu 24 amene amayang'anira ophunzira unamwino ndi uzamba m'zipatala za m'boma la Kasungu anayenera kufika pa Boma Lachitatu kumaphunziro amene ndinkakonza a mmene angaphunzitsire ophunzirawo, ena kuchokera ku Nkhamenya, ena ku Mtunthama, ku Kaluluma ndi ku Santhe. Aliyense ndinkamufunsa funso limodzi: wophunzira akabwera mu wodi yanu, chimakuvutani n'chiyani? Mayankho anali amodzimodzi. Nthawi palibe, odwala ndi ambiri, ndipo ana a sukuluwo amangoima kukhoma ngati alendo pamaliro.

Lachiwiri ndinasintha pulogalamu yonse. Pa masilaidi 70 amene ndinakonza ndinasiyapo 8. Mipando ndinaichotsa m'mizere n'kuika magulu a anthu anayi, patebulo lililonse chidole cha khanda chophunzirira chotchedwa NeoNatalie, ambu bagi (bagi yopopera mpweya m'mapapo kudzera pa masiki), kansalu kopukutira mwana ndi wotchi. Munthu amene wakhala tsiku lonse akumvetsera wina akulankhula amabwerera kuwodi n'kukachita zomwezo kwa ophunzira ake, ndipo ine zimenezo sindinkazifuna.

Lachitatu titapemphera ndi kudziwana, mayi wina wachikulire, mzamba wa zaka zoposa 20 pantchito, anayang'ana chidolecho n'kunena kuti, "Mwanangu, ife tabadwitsa ana osawerengeka, lero tizisewera ndi zidole?"

"Amayi, sitikuyesa inu ayi," ndinayankha. "Tikufuna tione mmene mungaphunzitsire wophunzira wa chaka chachiwiri."

Tinatenga phunziro la Helping Babies Breathe, lomwe linayamba mu 2010: mwana akabadwa osalira, pasanathe masekondi 60 akhale akupuma yekha kapena akupumitsidwa ndi bagi. Kaphunzitsidwe kake tinatsata njira zinayi za Peyton. Mphunzitsi amachita ali chete, kenako amabwereza akufotokoza. Kachitatu wophunzira ndiye amalamula, mphunzitsi n'kumachita zokhazo zimene wauzidwa. Pomaliza wophunzira amachita yekha.

Pa kachitatupo mpamene panali nkhani. Namwino wachitsikana, woyerekeza wophunzira, ankalamula mayi aja. Anawauza kupukuta mwana, kuika masiki, kufinya bagi, koma anaiwala za mutu. Chifuwa cha chidole sichinakwere. Ndinali pafupi, ndipo ndinaona chala cha mayiwo chikusuntha kupita kuchibwano cha chidolecho, kenako n'kubwerera. Anafinyanso, osalankhula kanthu. Wotchi ikuyenda, gulu lonse lili zii. Mtsikanayo anawerama, kuyang'anitsitsa, n'kufuula kuti, "Mutu, amayi! Kwezani chibwano pang'ono!" Chifuwa chinakwera.

Mayiwo anatula bagi pansi. "Kukanakhala kuwodi ndikanamulanda kalekale," anatero. Kwa mwana weniweni kulandako n'koyenera, palibe anatsutsa. Koma tinakambirana nthawi yaitali kuti ngati wophunzira sanapatsidwe mpata wolakwitsa pa chidole, tsiku limene adzatsale yekha usiku kuchipatala chakumudzi adzakumbukira chiyani?

Lachinayi linali la kudzudzula wophunzira osamuchititsa manyazi. Tinachita timasewero: kumutengera pambali osati pamaso pa wodwala, kuyamba kumufunsa iye mwini zimene wachita bwino, kenako chinthu chimodzi choti akonze, osati khumi. Magetsi anazima cha m'ma 10 koloko, koma ntchito sinaime, popeza pulojekita tinali titaiiwala kale. Chimene chinandipweteka n'chakuti bambo wina anavomera kuti sadziwa dzina la wophunzira aliyense amene ali naye mwezi uno. Ena angapo anangozolika.

Lachisanu aliyense analemba papepala chinthu chimodzi chimene akachite sabata yamawa, ine n'kusaina mabuku awo a CPD, olembamo maphunziro oonjezera luso pantchito, amene a bungwe loyang'anira anamwino ndi azamba la Nurses and Midwives Council amafuna. Ndikulongedza katundu, mayi aja anabwerera pakhomo.

"Mwanangu, chidole chimodzi mungandibwereke masabata awiri? Ndili ndi ana a sukulu asanu kuwodi."

Ndinalemba dzina lawo m'kaundula, iwo n'kuchikulunga m'chitenje, ulendo wa kudepoti.