Talowa m'nyumba kumtunda: zikomo kwa Mulungu ndi kwa inu

Abale anga mwa Ambuye, anansi, amayi anzanga a kumpingo, ndi nonse amene mwakhala mukuimba foni kufunsa kuti zili bwanji: talowa m'nyumba. Malata akhomedwa, chitseko chili ndi loko, ana akugona pouma. Ndikulemba thupi lili lotheratu, m'manja mukadali matuza a njerwa, ndiye mawu akasokonekera mundikhululukire. Ndimati ndiyambe ndapuma kaye, koma mtima wakana, ukuti ndithokoze lero lomwe.

Zimene zinatigwera ku Makhanga, m'boma la Nsanje, mu Malichi 2023 ambiri mukuzidziwa, sindibwerezanso. Namondwe wa Freddy anatenga nyumba, mbuzi, mapira amene tinasunga, makope a ana, zonse. Tinatuluka ndi zovala za pathupi basi. Sitinali tokha. Anthu oposa 600,000 anasowa pokhala m'chigawo chino cha kummwera, ena anakwiririka m'matope ku Chilobwe ku Blantyre, ena mpaka lero matupi awo sanapezeke. Ife a m'nyumba mwathu tonse tinatuluka amoyo, ndipo pa chimenecho chokha ndikanayenera kumavina tsiku ndi tsiku. Koma madzi ataphwa, ine ndinatsala ndi matenda amene sankaoneka ndi maso.

Tulo tinatha. Ndikangoti ndigone, mtima unkagunda mpaka kumva m'makutu. Mphepo ikagwedeza lona ndinkadzambatuka n'kuyamba kuwerenga ana mumdima, kuwagwira mitu mmodzimmodzi. Nsima sinkatsika. Ndinaonda mpaka chitenje chinkazungulira kawiri n'kutsala. Inu a kumtunda mwina simungamvetse chifukwa chake munthu angaope ngakhale kumwamba kuli nyenyezi zokhazokha. Madzi amene amatimaliza ife kuno kuchigwa kawirikawiri si a mvula yogwa pakhomo pathu. Imagwa kumapiri a Mulanje ndi Thyolo, n'kutsika ndi Ruo kudzakumana ndi Shire ku Chiromo. Shire akakhala wadzaza kale, madzi a Ruo amasowa kolowera, ndiye amatembenukira m'midzi, nthawi zambiri usiku anthu ali mtulo. Tinaziona mu Januwale 2015, tinazionanso ndi namondwe wa Idai mu 2019, kenako namondwe wotchedwa Ana mu 2022, Freddy n'kudzamaliza. Ndiye maganizo anga ankangoti: abweranso, abweranso, ndipo ulendo uno atenga mwana.

Kupemphera ndinkapemphera, musaganize kuti ndinasiya. Koma ndinkati ndikati ameni, nkhawa ija ili pompo, ikundidikira.

Apa m'pamene pakubwera mayi amene ndikufuna dziko lonse lidziwe zimene anandichitira. Dzina sinditchula, iwo eni anandiletsa, akuti ulemu upite kwa Mwini wake. A kumpingo kwathu mukuwadziwa, amayi athu aja a Mvano okalamba, oyenda ndi ndodo, amene amuna awo anapita ndi madzi a 2015 ndipo sanaikidwe m'manda. Ku kampu tinkagona m'kalasi imodzi, amayi ndi ana mothinana, azibambo kwina. Inali nthawi ya kolera ija, pakhomo pa kalasi pali ndowa ya madzi a kolorini, aliyense akuopa mnzake akangoti m'mimba. Usiku wina ndili chikhalire, ndatsamira khoma pansi pa bolodi, ndinangomva dzanja likundigwira phewa. Anati, “Mwana wanga, ine ndakuona. Sukugona iwe. Tiye panja.”

Tinakhala pakhonde la kalasi, udzudzu ukutidya. Sanandilalikire. Anangoti, “Tchula. Chikukuopsa n'chiyani? Chimodzichimodzi, usaunjike.” Ndinayamba. Madzi abweranso. Ana adwala kolera. Tidya chiyani ufa wa thandizo ukatha. Mtsikana wanga wamkulu asiya sukulu n'kukwatiwa msanga monga achitira ena m'makampu. Tikakhala kuti. Chilichonse ndikatchula, iwo ankandifunsa funso limodzi lokha: “Chimenechi pali chimene manja ako angachite mawa kukacha?” Ndikati inde, ankati, “Ndiye n'cha mawa, chisiye apo, usiku sagwira ntchito.” Ndikati ayi, ankagwira manja anga onse awiri, kuwatembenuza zikhatho kuloza kumwamba, n'kunena kuti, “Ambuye, ichi si chathu, tengani.” Basi. Pemphero lake linali lalifupi choncho. Tinapitiriza mpaka zinthu zotchula zinandithera. Usiku umenewo ndinagona pang'ono, mutu uli pamwendo pawo, ine munthu wamkulu wa ana anga.

Amayi, ndikudziwa kuti mdzukulu wanu akuwerengerani zimenezi pafoni. Simunachite usiku umodzi wokha. Munkabwera usiku uliwonse, ngakhale masiku amene mwendo unkakuvutani, ngakhale tsiku lija munagona ndi njala chifukwa gawo lanu la phala munapatsa ana a eni. Inu amene munali ndi chifukwa chokwanira chodera nkhawa kuposa tonsefe.

Anali ndi Baibulo lawo limene linanyowa pothawa. Analiyanika padzuwa mpaka linafufuma, masamba ena kumatirirana, chikuto chinachoka. Magalasi awo anapita ndi madzi, ndiye m'mawa uliwonse ankandiitana kuti, “Dzandiwerengere, maso angawa sakuona.” Tinkamatula masamba pang'onopang'ono ndi kamtengo kuti asang'ambike. Iwo ankatchula pamtima poti nditsegule. Afilipi 4 ndime 6 ndi 7, paja pamati tisadere nkhawa konse, koma zopempha zathu zidziwike kwa Mulungu pamodzi ndi chiyamiko, ndipo mtendere wake wopambana chidziwitso chonse udzasunga mitima yathu. 1 Petro 5 ndime 7, kutaya pa Iye nkhawa yonse pakuti Iye asamalira ife. Anandikumbutsa kuti Paulo analemba mawu a kwa Afilipi aja ali m'ndende, osati atakhala pabwino. Mavesi onsewo ankawadziwa pamtima, sankafunika wowawerengera. Ankafuna atuluke pakamwa panga ine.

Koma pamene panandigwira kwambiri ndi pa Marko 4, Yesu ali m'ngalawa ndi ophunzira ake, namondwe wauka, Iye ali mtulo kutsigiro, mutu pamtsamiro. Nditawerenga anandiimitsa. Anati, “Wamva? Madzi ankalowadi m'ngalawamo, buku silikubisa. Ndipo ena mwa amene ankakuwawo anali asodzi, anthu odziwa madzi ngati anyamata athu a pa Shire. Mantha awo sanali a chibwana. Koma taona kumene anapita nawo mantha awowo. Anakamudzutsa.” Mawu amenewo anandimasula. Ndinkadziona ngati Mkhristu wolephera chifukwa choopa. Kuyambira tsiku limenelo ndinadziwa kuti ndingathe kupita kwa Yesu ndikunjenjemera, ndipo sandibweza.

Ndi iwo omwewo amene anandikoka dzanja kupita nane kuchipatala. Anandiyeza n'kupeza kuti BP yakwera kwambiri, anandipatsa mankhwala, ndipo namwino wina wachifundo anakhala nane pansi kundifotokozera kuti kusagona ndi kudzidzimuka kotere kumagwira anthu ambiri amene apulumuka pa ngozi, si misala, si ziwanda. Namwino ameneyo, kulikonse muli, Mulungu akudalitseni. Panali ena amene ankanong'ona kuti kumwa mapiritsi ndiye kuti chikhulupiriro chachepa. Amayi anawayankha pamaso panga kuti Luka amene analemba Uthenga Wabwino anali sing'anga, ndipo Paulo ankamutcha wokondedwa. Nkhani inathera pomwepo. Mlongo wanga, mchimwene wanga, ngati nawe sukugona chifukwa cha maganizo, pemphera ndipo upitenso kuchipatala. Ziwirizi sizilimbana.

Ndinene pang'ono za ena, ndipo ndinena mopanda chidani. Kunabwera anthu ku kampu ndi timabotolo ta madzi ndi mafuta, akuti tigule kuti mzimu wa mantha uchoke. Kugulitsa madzi kwa anthu amene madzi awalanda zonse! Ena anatiuza kuti chigwa chino chikulangidwa chifukwa cha machimo, ngati kuti kumene amakhala iwo kulibe ochimwa. Ndipo alipo abale a magazi amodzi, okhala m'tauni, amene analemba pa Facebook kuti tikukupemphererani, anthu n'kuwayamikira, koma foni yanga sanaiyankhepo. Sindinafune ndalama zanu. Ndinkafuna kumva mawu a munthu wa kwathu. Ndakukhululukirani, chifukwa Amayi anandiphunzitsa kuti chakukhosi nachonso chimalanda tulo. Koma paja akulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Musaganize kuti kuchokera pamenepo zonse zinayenda myaa. Chaka cha 2024 kunabwera ng'amba, boma mpaka kulengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi ya njala. Ife amene chaka chapitacho tinkathawa madzi tinayamba kulira mvula. Chimanga chinapserera m'munda, mtengo wake pamsika unakwera osaneneka. Amayi anzanga ankalawira m'madambo kukazula nyika, m'madzi momwe muli ng'ona, ndipo nanenso ndinapitako. Nkhawa inabweranso ndi mphamvu. Ndinkapita kwa Amayi madzulo, iwo n'kungoti, “Tchula.” Tinkayambiranso. Tsiku lina ndinawafunsa kuti kodi inu simutopa nane? Anaseka n'kuti, “Amene timamupatsayo satopa, ine nditoperenji, ntchito yanga n'kungokugwira manja.”

Za kusamuka nazo zinandizunza. Anthu amatinena kuti a kuchigwa ndi osamva, boma likuti samukani iwo akukakamira. Bwerani mudzaone dothi limene madzi amasiya akaphwa. Kudimba timadzala chimanga, mbatata, nyemba, maungu popanda feteleza, nthawi imene kumtunda kuli gwaa. Kumeneko n'kumene kuli manda a makolo athu. Kuchoka si nkhani yophweka. Ine ndinkaopa kukhala, ndinkaopanso kuchoka. Amayi ndi amene anadula nkhani. Anati, “Dimba lima, koma ana agone kumtunda. Nowa anakhulupirira Mulungu, koma chingalawa anakhoma.” Mawu omwewo ndi amene ananditumiza kwa amfumu kukapempha malo.

Tsono zikomo kwa amfumu amene anatilandira n'kutipatsa malo popanda kutiyesa alendo. Zikomo amayi a Mvano amene munabwera ndi zikombole, kuponda dothi, kusenza madzi pamutu kuchokera kumjigo, dzuwa la mu Okutobala la kuno limene limawotcha mapazi ngakhale uli m'patapata. Zikomo achinyamata a kwaya amene munapanga uvuni n'kuchezera kusonkhezera moto. Zikomo anzanga a banki m'khonde pondikhulupirira ndi ngongole ya malata pamene ndinalibe chikole chilichonse, ndibweza yonse, musakayike. Zikomo abusa ndi akulu a mpingo. Zikomo a mabwato amene munatiwolotsa tsiku lija, mayina anu sindikuwadziwa koma Mulungu akuwadziwa. Ndipo bambo a ana anga, inu amene munkapalasa kabaza kuyambira mbandakucha kuti tipeze simenti ya maziko, munkapirira ine ndikukudzutsani pakati pa usiku kuti mukasuzumire panja ngati madzi akubwera, ndipo munkapitadi kukasuzumira osadandaula: zikomo bambo.

Sabata yathayi kunagwa mvula yoyamba tili m'nyumba muno. Inayamba cha m'ma 9 koloko usiku, yamphamvu, pamalata pakumveka phokoso loti simungamvane. Mtima unayamba kugunda monga kale. Ndinadzuka, ndinayang'ana ana, ndinaonetsetsa kuti foni ili ndi moto ndipo wailesi ili pafupi, chifukwa machenjezo a zanyengo ndi a komiti ya m'mudzi yoona za ngozi sitiwanyozera. Kenako ndinakhala pamphasa, ndinatembenuza zikhatho ndekha, ndinatchula abale amene akadali kumunsi kuja, ndinatchula dimba, ndinati Ambuye izi si zanga, tengani. Abale anga, ndinagona. Anandidzutsa ndi mwana kuti amayi kwacha, tipite kusukulu. Ndinalira, ndipo kutangoyera bwino ndinathamangira kwa Amayi kukawauza. Anaponya ndodo pansi n'kuyamba kululutira, anthu mpaka kutuluka m'nyumba kuti kwagwanji.

Sindikunena kuti nkhawa inatheratu. Imabwerabe, makamaka mitambo ikada mbali ya ku Thyolo. Koma tsopano ndikudziwa kopita nayo, ndipo sikhalitsa.

Atate wakumwamba, Inu amene munati tikamawoloka pamadzi mudzakhala nafe, ndaona ndi maso anga kuti simunama. Kumbukirani amene akadali m'malo a ngozi ku Makhanga ndi m'mbali monse mwa Shire, ku Nsanje ndi ku Chikwawa. Kumbukirani amayi amene akuwerenga ana mumdima usiku uno. Atumizireni munthu monga munanditumizira ine. Ndipo mtumiki wanu uja, mayi wanga amene sanandibereke, mumuwonjezere masiku. Ameni.

Loweruka likubwerali masana kudzakhala mapemphero othokoza pakhomo pano, nonse ndinu olandiridwa, ndi inu a m'tauni omwe. Mipando ndi yochepa, amene angathe atenge mphasa. Ndipo ndili ndi pempho limodzi. Maso a Amayi akuipiraipira, kuchipatala anati ndi ng'ala ndipo akufunika kukaonedwa ndi madokotala a maso ku Blantyre. Iwo sangapemphe, ndiye ndikupempha ine. Ngati alipo amene ali ndi galimoto yopita ku Blantyre mwezi uno, kapena angathandizeko thiransipoti, andiimbire kapena auze abusa. Woperekeza ndine.