Masekondi 30 a nyimbo ya kwaya

Zimene tinakangana ndi mnyamata wowotcha nyimbo cha kumsika wa Tsoka zikundizungulirabe m'mutu, ngakhale nkhani yake ndi ya masekondi 30 okha. Azakhali anga a ku Kawale anandipatsa memory card yokhala ndi nyimbo imene kwaya ya mpingo wawo inajambula amuna awo adakali moyo, ndipo anandipempha kuti foni yawo ya Itel, ya mabatani ija, izilira ndi nyimbo imeneyo. Anatsindika kuti sakunena za nyimbo za Airtel kapena TNM zimene woimba foni amamva podikira kuti ayankhidwe. Akufuna kuti wakumva akhale iwowo.

Mnyamatayo anatsegula fayilo ya MP3 mu Audacity, pulogalamu yaulere yodulira mawu pakompyuta, n'kudula masekondi 30 oyambirira osamvetsera n'komwe. Nditaika mahedifoni ndinangomva kiyibodi ikulira pansipansi, popeza oimba amalowa mochedwerapo. Ndinamupempha kuti apite patsogolo mpaka pa ndime yachiwiri, pamene abambo a besi amatsala okha, chifukwa pamenepo ndi pamene mawu a malemu amamveka bwino.

"Achimwene, pamenepo ayi," anatero. "Kasipika ka foni ngati imeneyi sikatulutsa mawu apansi. Amayiwo akakhala m'minibasi kapena pamsika sadzamva kanthu, ndipo anthu adzati sayankha mafoni."

Iye ankafuna kolasi, pamene amayi a soprano amakweza onse pamodzi, ndipo sindingakane kuti ankanena zoona. Tinaika gawo la besi m'foni yake ya mabatani kuti tiyese, ndipo mawu amene m'mahedifoni anali odzaza anatuluka opyapyala ngati munthu akung'ung'udza kuseri kwa chitseko. Anayesa kukweza voliyumu ya fayiloyo, koma atapitirira muyeso mawu anayamba kusweka, moti anabwezanso pansi. Komabe mtima wanga unakana kolasi, pakuti azakhali sanandiumirize ulendowu chifukwa cha kukoma kwa nyimbo. Nyimbo zokoma ali nazo zambiri.

Anagwira ntchito yake mosamala pamene anazindikira chifukwa chake, ndipo pa ichi ndikumulemekeza. Anadula pamene oimba akupuma kuti pasadukidwe liwu pakati, anachititsa kuti mawu ayambe pang'onopang'ono ndi kuzimiririka kumapeto kuti foni ikabwereza isamadzidzimutse munthu, kenako anasunga mafayilo awiri, lina la besi ndi lina la kolasi. Anandiuza kuti pa foni ya mabatani zimangofunika kusankha fayilo pa memory card n'kuiika kukhala ringtone, pomwe pa Android umaikopera mu foda yotchedwa Ringtones. 

Chimene chandilemera kwambiri chinabwera ndili m'minibasi yobwerera, pamene foni ya mayi wina inalira nyimbo yauzimu, iye n'kuidula msanga poyankha. Ndinazindikira kuti ntchito ya ringtone ndi kudulidwa. Azakhali akamayankha foni adzakhala akudula mawu a amuna awo pakamwa tsiku ndi tsiku, ndipo mawu omwewo adzalengeza uthenga wa maliro, wokumbutsa ngongole, ngakhale munthu wolakwitsa nambala. Ndikuopa kuti nyimbo imene lero imawagwetsa misozi ingadzasanduke phokoso wamba. Mwinanso ndikuganiza mopitirira, pakuti iwo ndi amene anakhala ndi malemu zaka zonsezo, ndipo akudziwa chimene mtima wawo ungapirire kuposa ine.

Ku Kawale ndinapeza atapita ku mvano, popeza lero ndi Lachinayi, choncho memory card ikadali m'thumba langa ndi mafayilo onse awiri. Mawa ndidzawamvetsera onse pa foni yawo yomweyo kuti asankhe okha, koma sindinatsimikize ngati ndidzawauze za nkhawa yangayi kapena ndidzangoika imene aloze.