Loweruka la simbi ndi mkanjo wa Abambo

Lero inali nthawi yanga yochapa zovala za kuguwa. Ife amayi a mumpingo timasinthana Loweruka lililonse. Mwera unawomba usiku wonse kuchokera kunyanja, moti pofika 10 koloko mikanjo yoyera inali itauma kale pachingwe. Magetsi anali atazima, ndiye ndinakoleza makala m'simbi yakale ya agogo. Ndikusita mkanjo wa Abambo, wansembe wathu, kakhala kamoto kanatulukira pabowo la m'mbali n'kugwera pafupi ndi mpendero. Ndinakaphwatula ndi dzanja, koma kanali katasiya kale chiboo chakuda m'mbali, kukula kwake ngati nyemba. Mtima unandigunda. Mkanjo umenewu ndi umene avale mawa pa Misa.

Ndinaupinda bwinobwino n'kupita nawo kunyumba kwawo. Ndinagwada pakhonde.

"Abambo, ndalakwa. Ndawotcha mkanjo wanu."

Anauyang'ana, kenaka anati, "Amayi, dzukani mukhale pampando. Kodi mukudziwa chimene Ayuda ankachita ndi zovala za ansembe zikatha?" Anandifotokozera kuti m'buku lawo la Mishnah, lolembedwa cha m'ma 200 AD, muli mawu akuti malamba ndi akabudula akutha a ansembe ankawang'amba n'kupota zingwe za nyale zowunikira m'bwalo la Kachisi pa chikondwerero cha Misasa. Sankazitaya kudzala. "Inu sokani chiboocho," anatero, "mawa ndivala."

Masana nditadya kondowole ndi usipa, ndinatsegula Eksodo 28. Ndauwerengapo kangapo mutu umenewu, koma lero ndauwerenga ndi maso a munthu wosoka. Zovala za Aroni zinali za golide, nsalu yobiriwira ngati thambo, yofiirira, yofiira ndi bafuta wopota. Pamapewa a efodi, chovala chapamwamba cha mkulu wa ansembe, panali miyala iwiri, uliwonse wolochedwapo maina 6 a ana a Israele. Pachifuwa panali miyala ina 12, m'mizere inayi ya itatuitatu, fuko lililonse mwala wake. Vesi 29 ikuti Aroni azinyamula maina amenewa pamtima pake polowa m'malo opatulika. Apa ndinaima nthawi yaitali. Kale ndinkaona ngati zonsezi n'zokometsera munthu wamkulu kuti aoneke. Koma miyala imalemera. Munthuyu ankalowa pamaso pa Mulungu atasenza mtundu wonse paphewa ndi pachifuwa, monga mayi aberekera mwana popita kuchipatala. Ngakhale golide amene ankavala pamphumi, wolembedwa kuti ndi wopatulikira Yehova, vesi 38 ikuti ntchito yake inali yoti Aroni asenze zolakwa za anthu pa zopereka zawo.

M'munsi mwa mwinjiro wa Aroni munali makangaza osoka ndi timabelu tagolide, kuti azimveka polowa ndi potuluka. Abambo anandiuzanso kuti aphunzitsi achiyuda ankati mwinjiro wolirawo unkapepesera tchimo la miseche, chomveka kulipirira chomveka. Ife amayi a mumpingo mawu amenewa atikhudze, chifukwa pochapa pamjigo pakamwa sipapuma.

Chimene chandigwira kwambiri chili pa Levitiko 16. Tsiku lalikulu la chitetezero, kamodzi pachaka, mkulu wa ansembe polowa m'malo opatulikitsa ankavula golide yense n'kuvala bafuta woyera yekha, atasamba thupi. Pafupi kwenikweni ndi Mulungu ankafikapo wopanda chonyezimira. Ndipo pa Zekariya 3 mkulu wa ansembe Yoswa waima atavala zonyansa, Satana akumuneneza, ndipo amene akumuvula n'kumuveka zoyera ndi ena, osati iye mwini. Kalata ya kwa Ahebri imatcha Yesu mkulu wa ansembe, koma iyeyo pa Gologota anamuvula, asilikali n'kuchitira maere malaya ake opanda msoko.

Chakumadzulo ndinatengera nsalu za paguwa kutchalitchi. Ife a kuno ku Nkhotakota nkhani ya mkanjo timaidziwa mwa njira ina. Bishopu Chauncy Maples, amene manda ake ali m'tchalitchi cha All Saints, anamira m'nyanja yathu ino mu Seputembala 1895, patangopita miyezi yochepa atadzozedwa ubishopu ku London. Bwato lawo linagubuduzika ndi namondwe, ndipo anthu amasimba kuti mkanjo wake utanyowa unamulemera n'kumukokera pansi. Ndinaima pafupi ndi mandawo ndikumva mafunde patali. Amene anachapapo mkanjo wautali amadziwa kulemera kwake ukamwa madzi, ine manja amachita kundiwawa pofinya.

Tsopano ndi usiku. Ndasoka chiboo chija ndi ulusi woyera, nditaika kachigamba mkati kochokera ku nsalu yakale ya paguwa. Mwana wanga wamkazi anandigwirira tochi ya foni, n'kundifunsa ngati anthu adzaone. Ndamuuza kuti wogwada kutsogolo polandira Mgonero akhoza kuona, chifukwa mpendero umakhala pafupi ndi maso ake. Mkanjo ndaupachika pakhomo la kuchipinda, ndipo mawa 6 koloko ndikaupereka.